Tiyeni Tikakwere Phiri la Ntchisi

Munthu wochokera ku Lilongwe akafika pa Mtengowanthenga, maso ake amagwa pa mapiri a Dowa chakum'maŵa. Ogwira ntchito m'Boma ndi atsogoleri a m'madera amadutsa pamenepa kaŵirikaŵiri, koma ndi angati amene anapatukapo pa Mponela kuti akakwere Phiri la Ntchisi? Nzomvetsa chisoni kuti alendo ochokera kutsidya kwa nyanja amalidziŵa phiri limeneli kuposa eni dziko.

Ena amati kukwera mapiri ndi maseŵera a Azungu. Zoonadi, ku Ulaya ndi ku Lesotho anthu amapita kumapiri kukatsetsereka pa chipale chofeŵa atamanga matabwa kumapazi, ndipo maseŵera amenewo kwathu kuno kulibe. Koma kuyenda m'nkhalango sikufuna chipale kapena matabwa ayi. Kumafuna miyendo ndi mtima wokonda dziko lako basi.

Phiri la Ntchisi ndi lalitali pafupifupi mamita 1,700, ndipo nkhalango yake idayamba kutetezedwa ndi lamulo mu 1924. Ndi imodzi mwa nkhalango zoŵerengeka zoŵirira za m'mapiri zimene zatsala m'Malaŵi muno. Muli mitengo ikuluikulu, nchima, mbalame ndi agulugufe amitundumitundu, ndipo kunja kukayera munthu amatha kuona Nyanja ya Malaŵi. Akuluakulu amasimba kuti Acheŵa ankabisala m'menemo pothaŵa nkhondo za Angoni. Nkhalango imene idasunga makolo athu, ife tingalephere bwanji kuisunga?

Tsono adani ake tikuŵadziŵa: kuotcha makala, kudula mitengo youmitsira fodya ndi yomangira zigafa, ndiponso moto wolusa wa m'chilimwe. Mitengo ikatha, akasupe amaphwa ndipo nthaka imakokoloka. Wovutika ndi mlimi wam'munsi mwa phiri, ndi mayi amene adzayenda mtunda wautali pofuna madzi. Lamulo la za Nkhalango la 1997 lidakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango zake zidakhwima, komabe lamulo palokha silingalonde mtengo uliwonse. Munthu amateteza chinthu chimene wachiona ndi maso ake nachikonda.

Nchifukwa chake tikupempha akuluakulu a maofesi, aphunzitsi ndi atsogoleri onse kuti apereke chitsanzo. Mvula ikakata, tengani ana asukulu ndi mabanja anu mukayende m'nkhalangomo. Lembani achinyamata a m'midzi yozungulira kuti akutsogolereni njira, ndipo muŵalipire moyenera, pakuti mudzi umene ukupindula ndi mtengo uli chiimire sudzautengera nkhwangwa. Funsani alonda a nkhalango malamulo ake ndi kuŵamvera. Musasiye moto kapena zinyalala.

Kubzala mitengo nkwabwino, koma mbande ya chaka chino singaloŵe m'malo mwa mtengo umene udaona agogo athu. Paja akulu adati madzi akatayika saoleka. Tiyeni tikalione phiri lathu mitengo idakalipo.