Maboti ndi mapiri alipo, koma njira ndi ya yani?

GOROMONZI, Zimbabwe – M'dziko la Scotland muli mtundu wina wa ulendo wokasangalala umene makampani okopa alendo akhala akugulitsa kwa zaka zambiri. Alendo amagona m'boti lalikulu lomwe kale linkanyamula katundu. Botilo limayenda pang'onopang'ono mu ngalande ya Caledonian, ndipo m'mawa alendowo amatsika n'kuyenda pansi m'mapiri motsogoleredwa ndi munthu wodziwa njira. Madzulo amakalipeza litakocheza kutsogolo, chakudya chitapsa kale.

Ngalandeyi inatsegulidwa m'chaka cha 1822. Ndi yotalika makilomita 97 ndipo imalumikiza Fort William ndi Inverness podutsa m'nyanja ya Loch Ness. Malonda amene anaikumbira anazilala kalekale. Zimene zathandiza kuti alendo oyenda pansi achuluke m'mbali mwake ndi zinthu ziwiri: njira ya apansi yotchedwa Great Glen Way, yomwe inatsegulidwa mu 2002, ndi lamulo la malo la 2003, lomwe linapatsa munthu aliyense ufulu wodutsa m'malo a eni ake malinga ngati sakuononga kanthu.

Kum'mwera kwa Africa kuno zipangizo za ulendo wotere zikuoneka kuti zilipo. Pa nyanja ya Kariba, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, pali maboti ogonamo amene amakocheza usiku m'mphepete mwa nkhalango ya Matusadona. Pa nyanja ya Malawi sitima ya Ilala, yomwe inapangidwa ku Scotland komweko, yakhala ikunyamula anthu kuyambira 1951 ndipo imaima m'madooko a m'munsi mwa mapiri monga Usisya ndi Ruarwe. Phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, lili ndi otsogolera alendo ndi onyamula katundu odziwa ntchito, ndipo mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Ngalande yokha ndiyo palibe. Maloto otsegula njira ya pamadzi ya Shire ndi Zambezi anakathera pa dooko la Nsanje mu Okutobala 2010, pamene Pulezidenti Bingu wa Mutharika ndi alendo ake, Robert Mugabe ndi Rupiah Banda, anadikira boti la feteleza limene akuluakulu a ku Mozambique anali ataliimitsa panjira.

Komabe chopinga chachikulu si madzi. Chimaoneka bwino m'boma la Goromonzi, lomwe lilibe nyanja koma lili ndi mapiri amene anthu a mu Harare amakonda kukwera kumapeto kwa sabata.

Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa Harare pali Domboshava, thanthwe lalikulu lofiirira lomwe lili ndi phanga la zojambula zakale za Abatwa, zofanana ndi zina zimene anthu a ku Dedza amati anajambula ndi Akafula. Chapafupi pali phiri la Ngomakurira, dzina limene wolankhula Chichewa savutika nalo: ng'oma zikulira. M'munsi mwa Domboshava muli nkhalango yopatulika ya mitengo ya masuku yotchedwa Rambakurimwa, kutanthauza malo okana kulimidwa. Kwa mlendo, awa ndi malo okongola oyenera kujambula. Kwa anthu a kwa Chinamhora, ndi kachisi.

Boma la atsamunda linalengeza mu 1936 kuti Domboshava ndi malo otetezedwa. Kuchokera pamenepo mwambo wopempha mvula, umene unkachitikira m'phangamo ndipo unkafuna kusonkha moto, unayamba kuonedwa ngati choononga zojambula, ndipo unaletsedwa. Ufulu wa 1980 sunathetse kusamvanako. Bungwe la boma loyang'anira malo a mbiri, National Museums and Monuments of Zimbabwe, linapitiriza kusamalira malowo ndi kulandira ndalama za pakhomo, pamene eni dera ankaona alendo akulowa momasuka m'malo amene iwo sankaloledwa kupembedzamo. Mu 1998 anthu ena anapaka penti pa zojambulazo. Akatswiri a mbiri yakale Pascall Taruvinga ndi Webber Ndoro, amene analemba za nkhaniyi mu 2003, sanaione ngati uchitsiru chabe wa anyamata. Anaiunika ngati zotsatira za kasamalidwe kamene kanaika eni malo pambali.

Apa ndi pamene kufananitsa ndi Scotland kumathandiza, komanso pamene kumasocheretsa. Kumeneko vuto linali lakuti anthu wamba sankatsimikiza za ufulu wawo wodutsa m'minda ikuluikulu ya anthu ochepa, ndipo lamulo linawatsegulira. Ku Domboshava njira inali yotsegukira mlendo kale; amene anatsekeredwa ndi mwini mudzi. Kampani imene ingafune kugulitsa ulendo wa masiku anayi pa Kariba ndi masiku awiri m'mapiri a Goromonzi ikhoza kupeza chilolezo cha boma mosavuta, koma chilolezocho sichinena kuti ndani adzatsogolera alendo, ndani adzanene malo osayenera kupondapo, ndiponso kuti ndalama ya pakhomo idzagawidwa bwanji.

Kum'mwera ndi kum'mawa kwa bomali, kumene kunali mafamu akuluakulu a azungu, nkhani ya njira ndi yosokonekera koposa. Kulandidwa kwa mafamu kumene kunayamba mu 2000 kunasintha eni malo, koma sikunabweretse lamulo lofanana ndi la ku Scotland lolola oyenda pansi kudutsa. Famu imodzi inagawidwa kwa alimi ambiri, ndipo njira yodutsa m'mafamu atatu akale lero ingafune kugwirizana ndi mabanja makumimakumi. Pa nthawi yomweyo alendo a ku Ulaya anachepa kwambiri m'dziko lonse, ndipo maboti ambiri a pa Kariba anakhala pa dooko opanda owabwereka. Pamwamba pa izi pabwera migodi. Mu 2022 kampani ya ku China ya Huayou Cobalt inagula mgodi wa lithium wa Arcadia, m'boma lomweli, pa mtengo wa madola 422 miliyoni a ku America. Palibe ulendo wa apansi umene ungapikisane ndi ndalama zotere pamene akuluakulu akusankha chochita ndi phiri.

Pali gulu lina limene silitchulidwa kawirikawiri pokamba za alendo, ngakhale kuti njira za m'mafamuwo limazidziwa kuposa wina aliyense. Awa ndi ana ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Nyasaland, ku Tete ndi kwa Chipata kudzagwira ntchito m'minda ya fodya ndi m'migodi monga wa Arcturus. Ambiri anataya ntchito ndi nyumba pambuyo pa 2000, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri a iwo opanda dziko lowavomereza, mpaka malamulo aakulu a 2013 atafewetsako zinthu. Gule wamkulu, amene Ashona amamutcha Zvigure, anafika nawo m'makomponi amenewa. Iwo sanganene kuti phiri ndi la makolo awo monga anganenere a kwa Chinamhora, ndiponso ambiri alibe chikalata cha munda. Ntchito yotsogolera alendo ikagawidwa potengera umwini wa malo okha, adzatsalanso kunja; ikagawidwa ndi makampani a mu Harare, onse awiri adzatsala.

Ku Mulanje anayesa njira ina. Otsogolera ndi onyamula katundu amachokera m'midzi ya m'munsi mwa phiri, monga ku Likhubula, ndipo mlendo amalipira iwo mwachindunji. Ndalamazo si zambiri, ndipo sizinaletse kudulidwa kwa mikungudza, koma pafupifupi ulendo uliwonse wokwera phiri umasiya kanthu m'mudzi.

Posachedwapa Goromonzi nayo ikhoza kukhala ndi maboti. Damu la Kunzvi, pa mtsinje wa Nyaguwe, lomwe linakambidwa kwa zaka zambiri lisanayambe kumangidwa, ndi lalikulu mokwanira kukopa amalonda monga anakopedwera ku Chivero. Pamene Kariba ankamangidwa m'zaka za m'ma 1950, Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa, ndipo ndi ochepa mwa zidzukulu zawo amene ali ndi boti logoneka alendo. Madzi a Kunzvi anawakonzera mipope ya mu Harare, ndipo mabanja a m'chigwacho ndi amene anauzidwa kuti asamuke.