MAGETSI AKABWERA, KOMPYUTA NKUKANA NETIWEKI

Pa 29 February 2024, Mtsogoleri wa dziko lino, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Anthu akumidzi amacikumbukira cifukwa ca cimanga cimene cinapserera m'minda, koma cilalaco cinagwiranso magetsi. Magawo oposa 8 mwa magawo 10 a magetsi a Zambia panthawiyo anali kupangidwa ndi madzi, makamaka ku Kariba ndi pa mtsinje wa Kafue. Madzi atacepa, bungwe la ZESCO linayamba kugawa magetsi mosinthana. Mu March 2024 anali kuzima maola 8 pa tsiku, ndipo pofika September anali kuzima maola 17.

Masiku ano nkhani ya magetsi siili ya anthu a m'tauni okha. Ana a Giredi 9 anayamba kulemba mayeso a kompyuta mu 2015. M'zipatala zambiri mbiri ya odwala imasungidwa m'makina pa dongosolo la SmartCare, ndipo maina a alimi olandira feteleza wa Boma nawonso amalembedwa m'makompyuta. Makinawa akaleka kulumikizana ndi anzao, nchito imaima, odwala ndi alimi nkumayembekeza pabwalo.

Dandaulo lofala ndi ili: magetsi abwera, kompyuta yayaka bwino-bwino, koma ikukana kulowa pa netiweki. Ambiri amangoti yapsa, naitsekera m'kabati, kapena kuinyamula ulendo wa ku Chipata kapena ku Lusaka kwa okonza. Komatu nthawi zambiri kompyuta yotere siinafe. M'kati mwace muli kacipangizo kamene kamailumikiza ku netiweki, ndipo pali zifukwa zingapo zodziwika zimene zimaletsa kacipangizoka kuyamba nchito.

Cifukwa coyamba ndi ca kutsogolana. Kompyuta iriyonse polowa pa netiweki imapempha nambala, imene iri ngati keyala yace, kwa kabokosi kogawa intaneti kochedwa rauta. Magetsi akabwera zonse ziwiri zimayakira pamodzi, koma rauta imacedwa kukonzeka. Kompyuta imapempha, osayankhidwa, ndipo zina zimaleka kupempha. Ya Windows imadzipatsa yokha nambala yoyamba ndi 169.254, imene siifikitsa munthu pa intaneti. Mankhwala ace ndi osagula: kuzima zonse, kuyatsa rauta poyamba, kuyembekeza mphindi 3 kapena 5, ndipo pambuyo pace kuyatsa kompyuta.

Cifukwa caciwiri ndi cakuti kacipangizo ka netiweki sikagona kweni-kweni. Kompyuta ikazimidwa koma nthambo yace iri pa khoma, kamalandirabe magetsi pang'ono. Magetsi akaphethira, kapena akabwera ofooka, kamasokonezeka, ndipo kungozima ndi kuyatsanso sikukatsitsimutsa. Pamenepo munthu azule nthambo ya magetsi pa khoma, akanikize batani loyatsira kwa masekondi 30 kuti mphamvu yotsalira ithe, ndipo abwezere nthamboyo.

Cifukwa cacitatu cimapezeka kwambiri m'makompyuta akale amene masukulu amalandira ngati mphatso. M'kati muli kabatire kozungulira ngati khobidi, ka mtundu wa CR2032, kamene kamasunga tsiku ndi nthawi pamene kulibe magetsi. Kabatireka kakatha, kompyuta imadzuka itabwerera zaka zambiri kumbuyo, ndipo masamba otetezedwa a pa intaneti amaikana cifukwa tsiku lace ndi lolakwika. Kuyang'ana tsiku limene kompyuta ikuonetsa kumaulula matendawa msanga, ndipo kabatire katsopano nkosabvuta kuika.

Cifukwa cacinai ndico coopsa. Magetsi a m'nyumba ayenera kukhala mavoti 230, koma pobwera nthawi zina amalumpha kupitirira pamenepo kwa kamphindi. Mphenzi ya m'dzinja imacitanso cimodzi-modzi, ndipo mphamvuyo ingathe kudzera m'nthambo ya netiweki. Pa bowo lolowetsa nthamboyo pamakhala tinyale tiwiri. Ngati sitiyaka ngakhale atayesa nthambo ina ndi bowo lina la rauta, kacipangizoko kangakhale katapsa. Ngakhale apo kompyuta siitayidwa, pakuti kulipo kacipangizo kena kolowetsa pa bowo la USB kamene kamagwira nchito yomweyo.

Pomaliza, mlandu ungakhale uli kutali. Nsanja za mafoni nazonso zimadalira magetsi, mabatire ndi majenereta, ndipo m'caka ca 2024 mautumiki a mafoni anabvutika kwambiri ndi kuzima kwa maola ambiri. Ngati mafoni onse pamudzi alibe netiweki, kumasula kompyuta nkutaya nthawi.

Phunziro lalikulu pa zonsezi ndi lakuti kubwera kwa magetsi kumaononga monga momwe kuzima kwace kumaonongera. Magetsi akazima, makina onse azulidwe pa khoma, ndipo akabwera, anthu ayembekeze mphindi zingapo kuti akhazikike. Akuru a masukulu ndi zipatala, pamodzi ndi makomiti amene amakonza za ndalama za citukuko m'madera, asaone kugula makompyuta ngati mapeto a nchito. Pa mtengo womwewo awerengerepo zotetezera ku magetsi olumpha, ndi batire lochedwa UPS limene limapatsa munthu mphindi zocepa zozimira makina mwa dongosolo. Rauta imadya magetsi ocepa kwambiri, kotero kuti batire laling'ono la sola lingathe kuisunga yoyaka usana wonse.

Coposa zonse ndi munthu. Pa sukulu ndi pa cipatala ciriconse pafunika mmodzi wophunzitsidwa njira zimenezi, ndipo zilembedwe pa pepala lokhomedwa pafupi ndi makinawo kuti iye akasamutsidwa nzeru isapite naye. Cilala cinabvuta magetsi mu 2015, mu 2019 ndi mu 2024, ndipo palibe anganene kuti sicidzabweranso. Mvula siilamulidwa ndi munthu, koma kusamala makina a anthu onse kuli m'manja mwa amene amawagwiritsa nchito.