Mwana wanga akuphunzirira pakhomo, thandizo ndingalipeze kuti?

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 27, ndimakhala ku Kasinje m'boma la Ntcheu. Mwana wathu woyamba, wa zaka 8, anabadwa ndi vuto la miyendo moti sayenda. Sukulu ili kutali, ndipo kumubereka tsiku ndi tsiku ndinalephera poti ndili ndi wina wakhanda. Ndiye ndimangomuphunzitsa pakhomo ndi ka Fomu 2 kangaka. Mutu wake ndi wakuthwa, dzina lake amalemba yekha. Koma bambo a kunyumba akuti ndikutaya nthawi, bola ndizipita kudimba. Kodi alipo angatithandize?

Mayi wodandaula,
Kasinje, Ntcheu

Zikomo mayi,

Poyamba ndikuyamikeni. Ambiri ana otere amawabisa m'nyumba, inu mwamupatsa pensulo. Musasiye.

Komatu ndikuuzeni chilungamo: kuphunzitsa pakhomo kukhale kongoyembekezera. Pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kuphunzira, wolumala ndi wosalumala yemwe. Komanso mayeso a Sitandade 8 a MANEB amalembetsera kusukulu. Mwana amene dzina lake silili m'kaundula, a boma samudziwa, ndiye thandizo lingamupeze bwanji?

Yambani ndi a hedimasitala a sukulu yapafupi. Mukamulembetse mwanayo, muwafotokozere vuto la mayendedwe, ndipo mupemphe kuti azikuuzani zomwe anzake a m'kalasi akuphunzira sabata iliyonse. Mukapemphenso kubwereka buku la Chichewa ndi la masamu. Amayi a Mother Group a pasukulupo muwadziwitse, chifukwa kulondola ana omwe sakufika kusukulu ndi ntchito yawo.

Mukatero pitani ku TDC ya dera lanu mukaonane ndi a PEA. Iwowa ndi amene angakulumikizeni ndi aphunzitsi a ana olumala, omwe amaphunzira ntchitoyi ku koleji ya Montfort ku Nguludi. Mphunzitsi wotere amamuyeza mwana n'kunena ngati angaphunzire ndi anzake pasukulu wamba kapena akufunika malo apadera. Zikavuta pamenepo, ofesi ya maphunziro pa boma pa Ntcheu ilipo.

Za miyendozo musangoti ndi mmene anabadwira. Pitani naye kuchipatala chachikulu cha Ntcheu akamuone a zolimbitsa mafupa, ndipo mukafunse za njinga ya olumala. Bungwe la MAP lakhala likuthandiza pa zipangizo zoyendera kwa zaka zambiri. Ku ofesi ya Social Welfare mukafunse za bungwe la makolo a ana olumala la PODCAM. Kucheza ndi makolo anzanu kumapepuza mtima.

Podikira zonsezi, pitirizani pakhomopo. Mphindi 30 m'mawa ndi 30 madzulo zakwana, mwana asatope. Nyemba, zitsekerero za mabotolo ndi timiyala ndi zowerengera zabwino, ndipo makatoni akale mutha kulembapo malembo. Ana a pafupi akaweruka, aitaneni adzalembere homuweki pakhonde panu, wanuyo aziphunzira nawo. Mwana amafuna anzake, mayi yekha sakwanira. Kumbukani kuti sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ana a pulayimale ankaphunzira kudzera pa wailesi ya MBC, makolo ali pambali. Ndiye zomwe mukuchitazi si zachilendo.

Tsopano kwa inu bambo, poti ndikudziwa kuti mayi akuwerengerani tsambali. Mwana uyu sadzagwira khasu ngati anzake. Chomwe chidzamudyetse ndi mutu wakewo, inu ndi mayi ake mutapita. Mukamumana sukulu lero, mukumukonzera moyo wopemphetsa pamsika. Ngati muli ndi njinga, m'kwezeni m'mawa mukamutule kusukulu, ngakhale masiku atatu pa sabata. Ankhoswe ndi amalume ake a mwanayo nawonso akhalepo pansi mugawane masiku, chifukwa mutu umodzi susenza denga.

Mayi, mukapita ku TDC musaiwale buku lake la kuchipatala ndi kope lomwe amalembamo, a PEA akaone okha zomwe mwanayu amatha. Mudzandilemberenso mundiuze mmene mwayendera.

Ndine Azakhali anu