MWADULA MANGO KUTI MUGULE AMBULERA?

Abale anga a pa Linthipe, ndine mkamwini chabe, ndikudziwa. Koma lero ndiyankhulako. Mukwiye, bola muwerenge mpaka kumapeto.

Sabata yatha ndinakacheza kwa alamu anga ena amene angobwera kumene kuchokera ku Joni. Pakhomo pawo panali mtengo wa mango umene anadzala agogo awo. Pano palibe. Audula, awotchera njerwa za mpanda, bwalo lonse athira simenti, pakhonde ayala matailosi, kenako agula chiambulera ndi mipando ya pulasitiki. Ati pakhomo paoneke pachizungu. Ine ndinawafunsa kuti, alamu, mwagwetsa mthunzi waulere, wobala ndi zipatso zomwe, kuti mukagule mthunzi wa nsalu? Anangoseka.

Tinene zoona, kuno ndi ku Dedza. Mu June ndi July matailosi aja sungakhalepo, kuzizira kwake mpaka m'mafupa. Mu October simenti imatentha, mwana wopanda nsapato sangapondepo. Mvula ikawaza, pakhonde terere. Ndiye mayi awo, amene akuti anawakonzera zonsezi, ndinawapeza kuti? Kuseri kwa khitchini, pamphasa, akuothera dzuwa pa dothi. Khonde la ndalama zambirimbiri langotsala lojambulirapo zithunzi za pa Facebook. Eti ndiye chitukuko chimenecho?

Koma chandiwawa kwambiri si chimenecho ayi. Ine kwathu ndi kunyanja, ku Salima, bambo anga ndi msodzi. Mtsinje wa Linthipe womwewu, umene mumawoloka pa M1, umatsika n'kulandira madzi a Diamphwe ndi a Lilongwe, n'kukathira m'nyanja kwathu. Dzinja likafika timauona ukubwera wofiira, utasenza dothi la kumtunda kuno. Nsomba ya mpasa imakwera mitsinje ngati umenewu kukaikira mazira pa timiyala toyera. Matope akakwirira timiyalato, mazira amafa. Inu mukutaya mphasa, ife tikutaya mpasa.

Wina anena kuti, aaa, khonde limodzi lingaphe nyanja? Ayi, silingaphe. Makala ndi kulima m'mphepete mwa mtsinje ndiye zikuwononga kwambiri, sindikutsutsa. Koma uvuni wa njerwa umadya mitengo ingati? N'chifukwa chiyani boma mu 2018 linaletsa njerwa zootcha pa ntchito zikuluzikulu zomanga? Nanga madzi ogwa pa malata ndi pa bwalo la simenti amalowa pati? Salowa pansi. Amathamangira mumsewu, kukumba chigwembe, ulendo wa ku mtsinje. Alamu akachita, neba amasirira, naye mawa adula wake. Mudzi umayera choncho, khomo ndi khomo.

Sindikuti muzikhala pa fumbi ayi. Konzani pakhomo, ndalama ndi zanu. Simenti ithere pakhonde ndi kanjira kopita kuchipata. Kwinako dzalani kapinga, madzi azilowa pansi. Pansi pa malata ikani mgolo, muzithirira maluwa. Mtengo usiyeni, kalipentala wa pa Linthipe 1 akukhomereni benchi pansi pake. Mipando ya nsungwi ilipo, amaluka ndi anthu athu omwe, ndipo ikathyoka imakonzedwa, pamene ya pulasitiki ikang'aluka ndi dzuwa basi, kudzala. Mukufuna miphika ya maluwa? Muli pakati pa dothi loumbira, Dedza Pottery ili pafupi pompa, amayi oumba ali m'midzi momwemu. Mukagule ya pulasitiki ku Lilongwe chifukwa chiyani?

Khonde labwino timalidziwa ndi anthu okhalapo. Mlendo akati odi apeze pokhala, agogo asenderepo mtedza, ana aseweretse bawo mumthunzi.

Alamu, ndikudziwa uthengawu ukufikani. Mbande ya mango ndagula kale, ndibwera nayo mvula ikayamba. Mungoswako simenti pang'ono pakona.

Tumizani ku magulu ena, makamaka kwa abale a ku Joni amene akutumiza ndalama zomangira.