Amalonda akhale nawo pokonza mapulani olimbana ndi kusintha kwa nyengo

Namondwe Ana atawomba mu Januwale 2022, msewu wa M1 unaduka m'malo angapo ku Chikwawa, ndipo katundu wochokera ku Blantyre anavutika kufika ku Nchalo ndi ku Ngabu. Mu Marichi 2023 kunabwera Freddy. Chaka chotsatira, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Nthawi zonsezi, vuto linkayamba kuonekera pa mtengo wa chidebe cha chimanga lipoti lisanalembedwe.

Komabe khonsolo ndi mabungwe akamayitanitsa msonkhano wokambirana za kusefukira kwa madzi kapena chilala, amakonda kuitana mafumu, alangizi a zaulimi ndi makomiti a m'midzi. Mayi wogulitsa tomato, mwini chigayo, wa kabaza ndi wopikulitsa chimanga sawerengedwa kawirikawiri. Uku ndi kulakwitsa.

Wamalonda amadziwa mlatho umene umayamba kumira mvula ikachuluka, masiku amene galimoto zimatha osadutsa, komanso mwezi umene anthu amayamba kugulitsa mbuzi motchipa kuti apeze ufa. Izi ndi zizindikiro zenizeni za njala, ndipo sizilira ndalama kuzipeza.

Kusafunsa amalonda kumaluzitsa alimi. Pulani ikhoza kulimbikitsa mapira kapena mchewere chifukwa zimapirira dzuwa, koma ngati palibe wafunsa ogula kuti atenga matumba angati ndiponso pa mtengo wanji, mlimi amatsala ndi zokolola m'nyumba. Chaka chinacho amabwerera ku chimanga. Chimodzimodzi shedi ya msika yomangidwa pamalo pamene ogulitsa akudziwa kale kuti madzi amadikha.

Amalonda nawonso asamangodikira kalata. Mapulani a chitukuko a boma lililonse amayenera kuchokera m'midzi, kudzera ku VDC ndi ADC, kenako ku khonsolo. Komiti ya msika ipemphe mpando m'misonkhanoyi mvula isanayambe, ndipo ipite ndi kope lolembamo mitengo ya mwezi ndi mwezi, masiku amene msewu unatsekeka, ndi katundu amene anaonongeka. Dandaulo lapakamwa limaiwalika msanga, koma manambala amavuta kuwakana.

Tsiku limodzi lotseka benchi kupita kumsonkhano n'lotsika mtengo kusiyana ndi matumba 20 onyowa m'nyumba yosungiramo katundu.