Kutchula mawu pakokha si kumva nkhani

Ana anga, kuwerenga Chichewa mokweza sikuvuta. Malembo a liwu alipo asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo lililonse limamveka chimodzimodzi paliponse pomwe lili. Si ngati Chingerezi cha kusukulu kwanu, chomwe "a" wa mu cat amasiyana ndi wa mu cake. Mukangodziwa nkh, ng' ndi tch, basi, tsamba lonse mumalimaliza osapunthwa. Koma ndikafunsa kuti, "Nanga Kalulu anathawiranji?" kalasi yonse zii.

N'chifukwa chake Loweruka lililonse timakhala m'magulu a anthu anayi kapena asanu. Makolo ena amafuna kuti tiziwerenga tonse pamodzi, mphunzitsi patsogolo, ana pambuyo, monga mmene iwo anaphunzirira. Ndimawamvetsa. Mu 1994 boma la Malawi litachotsa fizi ku pulayimale, ana asukulu anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni. Mpaka lero zilipo sukulu zomwe Sitandade 1 imakhala ndi ana oposa 100, mphunzitsi mmodzi. Atani munthuyo? Amawerenga, ana n'kumavomera. Ife kuno ku Doha tilipo ochepa, mipando yokwanira, aliyense buku lake m'manja. Kutengera njira ya kalasi yodzaza kungakhale kudzimana tokha. Komanso powerenga chigulugulu, wamanyazi amangogwedeza milomo, ndipo chaka chimatha palibe wadziwa kuti sakumva.

Pagulu laling'ono palibe kobisala, komanso palibe gulu la anthu lokuseka. Taonani ziganizo izi: "Mwana wakwera mtengo" ndi "Mtengo wa chimanga wakwera." Mawu ndi omwewo, eti? Koma koyamba mwana ali m'mwamba pa nthambi, kwachiwiri amayi akudandaula kumsika. Kapena muwerenge kuti, "Amalume ananditsina khutu." Wina adzamva chisoni poganiza kuti khutu linapweteka, pomwe amalume anangomuuza chinsinsi pomuchenjeza. Zoterezi simungazigwire mukuthamanga. Mumazigwira mnzanu akaimitsa n'kunena kuti, "Dikira kaye, apa sindikumva."

Nthawi zina vuto si mawu ayi, koma chinthu chimene simunachionepo. Mwambi woti mutu umodzi susenza denga ungamveke bwanji kwa mwana wokulira m'fulati ku Al Wakrah, yemwe denga amalidziwa la simenti? Pamafunika mmodzi pagulupo amene anapitako kumudzi pa holide, n'kuona anthu akumanga denga la nkhokwe pansi, kenako n'kulinyamula onse pamodzi kukalikweza. Iyeyo akafotokoza, anzake amamva msanga kuposa ndikafotokoza ine.

Inu owerenga mofulumira, ndikudziwa kuti mumatopa kudikira. Komabe yesani kufotokozera mnzanu ndime ija m'mawu anuanu, buku mutatseka. Pamenepo ndi pomwe mudziwe ngati munamvadi. Ife anamwino timachita zomwezo kuchipatala: tikamuuza wodwala kamwedwe ka mankhwala, sitikhutira ndi "inde" wake, timamupempha kuti atibwerezere yekha.

Funso mungafunse m'Chingerezi kapena m'Chiarabu, zimenezo sindiletsa. Bola kufunsa m'chilankhulo china kusiyana n'kukhala duu. Yankho lokha ndilo tiziyesetsa kuti lituluke m'Chichewa, ngakhale lopindika, chifukwa agogo akakutumizirani uthenga pa WhatsApp safuna kumva kuti mwautchula bwino. Amadikira muwayankhe.

Ndiye sabata ino werengani nkhani ili patsamba lotsatirali kawiri, koyamba chamumtima, kachiwiri mokweza. Mawu atatu amene akuvutani muwalembe mzere kunsi ndi pensulo. Amodzi mwa iwo mukafunse amayi kapena abambo Lachisanu, popeza kulibe sukulu. Otsalawo mubwere nawo ku gulu lanu Loweruka.