Rauta ya ku Joni ndi Kachikalata ka Kunsi Kwake

Chaka chikamapita kumapeto, pamene ana athu ogwira ntchito ku Joni amatsika m'maminibasi pa Golomoti ndi pa Mtakataka atasenza zikwama zolemera, pakati pa mabulangete ndi nsapato sipalephera kupezeka kabokosi kotchedwa rauta, kamene mwanayo amasiyira makolo ake pofuna kuti akabwerera kuntchito azidzaonana nawo nkhope pa WhatsApp. Kabokosiko kamayaka ndithu, timagetsi take nkumaphethira, koma mukaikamo simukhadi ya Airtel kapena ya TNM kamangoti duu. Ndipo pomwepo mlandu umabuka, ena nati nsanja ya netiweki yatalika, ena nati mapiri a ku Dedza atchinga, enanso nati mwanayo adamgulitsa chakufa.

Ine ndinena kuti asanaweruzidwe mwana kapena phiri, kabokosiko kagonekedwe chagada, pakuti kunsi kwake kuli kachikalata komata kamene kamachitira umboni za dziko limene kadapangidwira. Mawu akuti Made in China asakusokeretseni, popeza marauta ochuluka amaumbidwa kumeneko, ndipo mawuwo anena kumene chinthu chidabadwira, osati anthu amene adawapangira. Yang'anani zidindo. Mukaona ICASA, dziwani kuti kadaloledwa kugulitsidwa ku South Africa. FCC ID ndi chidindo cha ku America, CE ndi cha ku Ulaya, ndipo CMIIT ID ndi cha msika wa ku China komweko. Kabokosi kamodzi kangathe kukhala ndi zidindo ziwiri, chifukwa chake muwerengenso dzina lake mpaka kumapeto: a TP-Link amalembapo EU, UK kapena US pafupi ndi nambala, ndipo a Huawei amasiyanitsa ndi manambala otsiriza, kotero kuti B310s-22 ndi ya ku Ulaya pamene B310s-518 ndi ya maiko a ku America, ngakhale maso sangazilekanitse zitaikidwa pamphasa imodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chiyambi cha kusiyana kumeneku nchakuti mafunde a wailesi, amene sitiwaona ngakhale atizinga usana ndi usiku, ali ndi malire oikidwa ndi malamulo. Bungwe la ITU lidagawa dziko lapansi patatu, ndipo ife a mu Africa tidagwera chigawo chimodzi ndi Ulaya, maiko a ku America ali m'chachiwiri, mbali yaikulu ya Asia ndi Australia m'chachitatu. Kwathu kuno woyang'anira mafundewo ndi kuvomereza zipangizo zowagwiritsa ntchito ndi MACRA, imene idakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998. Tsono 4G ya m'chigawo chathu imayenda kwambiri pa mafunde a 1800 ndi 800 MHz, pamene ya ku America imadalira ena monga a 1700 ndi 1900. Ndipo rauta imene idamangidwa kuti imve a kumeneko okha siidzamva nsanja ya pa Mua, mungaikweze pamwamba pa mlambe. Kwa ife a m'chigwa cha Bwanje, amene nyumba zathu zidamwazikana m'mphepete mwa minda ya mpunga kutali ndi msewu wa M5, mafunde otsika ngati a 800 ndiwo ofunika koposa, chifukwa ndiwo amafika kutali ndi kupyola zipupa.

Za Wi-Fi yeniyeni, imene imalumikiza foni ndi kabokosiko m'nyumba, sindidzatayapo nthawi. Ya ku America imagwiritsa ntchito tchanelo 1 mpaka 11, yathu imafika 13, ndipo foni iliyonse ya kuno imagwirizana nazo zonse ziwiri popanda vuto.

Chimene ndifuna chimveke bwino ndi ichi: South Africa ili m'chigawo chathu, motero rauta ya ku Joni kawirikawiri mafunde athu imawamva, ndipo nthenda yake ndi ina. Makampani monga Vodacom, MTN, Cell C ndi Telkom amagulitsa zina mwa zipangizozi atazitseka kuti zilandire simukhadi yawo yokha. Mukalumikiza foni yanu ndi kulemba pa intaneti nambala ya tsamba la rautayo yolembedwa kunsi kuja, imene pa za Huawei nthawi zambiri imakhala 192.168.8.1, tsamba lake lidzakuuzani lokha ngati likufuna nambala yotsegulira. Nthenda imeneyo nthawi zina imachizika kwa okonza mafoni. Koma musayeseyese manambala a m'mutu, pakuti mipata yoyesera njowerengeka, ndipo ikatha chitseko chimakhomedwa. Pali zinanso zimene zilibe nkomwe kabowo ka simukhadi, chifukwa zidapangidwira nyumba za ku Johannesburg zokhala ndi chingwe cha intaneti chofika mpaka m'chipinda; zotero kumudzi kuno zilibe poyamwa, ngakhale zili zamoyo ndi zatsopano.

Pulagi nayonso ndi mboni. Yathu ndi ya mano atatu a ngodya zinayi monga ya ku Britain, ya ku South Africa mano ake ngozungulira, ya ku America ngophwatalala awiri. Mano okha sachititsa mantha, popeza adaputa imapezeka pamsika; choopsa ndi mphamvu, chifukwa magetsi a ESCOM ndi a 230V pamene a ku America ndi a 120V, ndipo chaja ya kumeneko imene ilibe mawu akuti 100-240V isalowe m'soketi. Ngakhale pa Golomoti pali munda wa magetsi a dzuwa wa megawati 20 umene udayamba ntchito mu 2022, mabanja ambiri a m'chigwa muno amadalirabe kasola ka padenga ndi batire. Amenewo aone ngati kabokosi kawo nka 12V asanalumikize mawaya, pakuti ena ndi a 9V kapena 5V, ndipo amapsa.

Ndichenjezenso anyamata athu ochenjera, amene amakoka pulogalamu ya rauta pa intaneti ndi kuilowetsa m'kabokosi pofuna kukasandutsa ka kuno. Pulogalamu ya chigawo china singaike m'katimo khutu limene opanga sadaikemo, ndipo ikalowa molakwika rauta ingathe kufa osadzukanso. Mwana amene ali ku Joni, asanalipire, ajambule kachikalata ka kunsi kuja ndi kutumiza chithunzi kumudzi, kuti wodziwa za mafoni pa Mtakataka awerenge nambala yake, aone ngati kabowo ka simukhadi kalipo, ndi kumuuza kuti afunse wogulitsayo ngati kabokosiko nkotseka.